Mayi Uja Sanathawe

Sabata yatha tikudya nsima ku kafeteriya, mnzathu wina amene akuphunzira zachipatala ananena mawu amene andikhala pamtima mpaka lero. Anali atangobwera kumene kuchokera ku wodi ya ana komwe amakaphunzira ntchito. Akuti mwana wina wodwala khansa, amene mankhwala anali atayamba kumugwira bwino, anapezeka m'mawa kuti palibe pabedi. Mayi ake anamubereka kusanache n'kumapita. Mnzathuyo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Koma anthu akumudzi ndi ovuta. Chithandizo chaulere, iwo n'kuthawa. Umbuli basi." Ena patebulopo anavomereza. Ine ndinangosamba m'manja n'kunyamuka, chifukwa ndikanayankha pomwepo ndikanalankhula zosakhala bwino. Ndiye ndikuyankha pano.

Ndikufuna kulimbana ndi mawu awiri amene iye ananena: "chaulere" ndi "kuthawa". Onse awiri amatuluka m'kamwa mwa anthu ophunzira, amamveka ngati oona, ndipo amaunjika mlandu pamutu pa munthu amene wavutika kuposa wina aliyense m'nkhaniyi, kupatula mwana wodwalayo. Sindikulankhula zongowerenga. Achemwali anga anagonapo pansi m'wodi yotere, ndipo panatsala pang'ono kuti nawonso alembedwe kuti anathawa.

Chinali chaka chimene ndinkakonzekera mayeso a Fomu 4. Mwana wawo woyamba, mnyamata wa zaka 6 panthawiyo, anatupa tsaya la kumanzere. Tonse tinati ndi dzino. Kuchipatala chaching'ono anamupatsa panado ndi makapisozi, tinabwerera. Agogo anati ndi matsagwidi, adzaphwa okha. Sanaphwe. Patatha milungu iwiri mano anayamba kugwedera, diso linatong'oka ngati pali chimene chikulikankha m'kati, ndipo mwana sankathanso kutafuna. Apa ndi pamene mudzi unayamba kulankhula. Wina anati pali munthu amene wachita zimenezi, ndipo amalume, monga eni mbumba, analamula kuti akatemere mphini. Anatemera. Sindibisa, chifukwa ndikudziwa kuti wina ati, "Mwaona, si umbuli womwewo?" Ndibwera ku nkhani imeneyo. Pamene ankafika kuchipatala chachikulu, atadutsa kaye kuchipatala cha boma cha kwathu ndi kalata m'manja, panali patatha mwezi ndi theka. Kumeneko ndi kumene achemwali anamva koyamba dzina loti Burkitt lymphoma.

Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimagwira kwambiri ana kuno kwathu ndi m'mayiko ena a mu Africa kumene malungo ndi ochuluka. Dzinali linachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni amene anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda, ataona ana otupa nsagwada. Pambuyo pake zinadziwika kuti imayenderana ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr pamodzi ndi malungo obwerezabwereza. Chotupa chake chimakula mothamanga kwambiri: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye mwezi ndi theka umene ife tinataya sunali nthawi yochepa. Komabe kuthamanga komweko ndi kumene kumachititsa kuti mankhwala aigwire msanga. Mwana akalandira dripi yoyamba, chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa, moti munthu ukhoza kuganiza kuti waona chozizwitsa. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa msampha wonse uli pamenepa.

Tiyambe ndi "chaulere". Ndi zoona kuti m'zipatala za boma kholo sililipira mankhwala a khansa, bedi, kapena dokotala. Zimenezi ndi zabwino ndipo sindikuzipeputsa. Koma chithandizo cha khansa ya ana chimapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu, monga ku Gulupu mu Blantyre ndi ku Central mu Lilongwe, pamene ana odwalawo ali ku Nsanje, ku Mangochi, ku Mchinji, ku Chitipa. Ndipo khansa si malungo oti umwa mankhwala masiku atatu n'kuiwala. Amapereka mankhwala, n'kudikira kuti magazi abwerere m'malo mwake, n'kuperekanso, kangapo konse. Mwana wa khansa ya impso, imene amaitcha Wilms, amayamba walandira mankhwala, kenako opaleshoni, kenako mankhwala enanso. Wa khansa ya m'magazi amatha zaka ziwiri kapena kuposerapo ali pa chithandizo. Ulendo uliwonse ndi kabaza kuchoka kumudzi kufika pamsewu, minibasi kufika m'tauni, ina kufika pachipatala, kenako zonsezo pobwerera. Kondakitala sadziwa zoti chithandizo ndi chaulere. Ndipo aliyense akukumbukira mmene mitengo ya thiransipoti inadumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, osanenanso za nthawi zimene mafuta amasowa n'kumagulidwa m'zigubu.

Zimenezo ndi ndalama zooneka. Zosaoneka ndi zimene zimapha banja. Mwana wathu anagonekedwa mvula itagwa kale. Nthawi yopalira achemwali anali kuchipatala. Nthawi yothira feteleza wachiwiri anali kuchipatala, ndipo ndalama ya fetelezayo inali itapita kale ku minibasi. Kunyumba kunatsala ana awiri, wamng'ono asanakwane zaka ziwiri, amene anasiyitsidwa kuyamwa mwadzidzidzi. Alamu ankagawa tsiku pakati pa munda wawo ndi ganyu m'minda ya anthu ena. Mbuzi zinapita imodzi imodzi. Kenako ngongole ya ku banki mkhonde, kenako katapila wobwezera ngongole ya ku banki mkhondeyo. Chaka chimenecho nkhokwe inatha mu September. Mwana mmodzi ndi amene anadwala, koma njala inagwa pa anthu asanu.

Tsopano taonani ntchito imene mayiyo amagwira ali m'wodimo. Timamutcha gadiyani, ngati kuti amangokhala pambali n'kumayang'anira. Iyeyo ndi amene amasambitsa mwana, kuchapa nsalu zimene wasanzira, ndi kumunyengerera kuti ameze supuni zitatu za phala pamene m'kamwa muli zilonda zobwera ndi mankhwala. Amadzuka usiku kuona ngati dripi ikuyenda. Amaphunzira kuti kwa mwana amene ali pa mankhwala a khansa kutentha thupi si nkhani yodikira kuti kuche, chifukwa asilikali a m'magazi amakhala atachepa ndipo kachilombo kakang'ono kakhoza kumupha pa maola ochepa. Amamupinda mwana msana n'kumugwira zolimba pamene akumubaya jakisoni wa pamsana, mwanayo akukuwa kuti "Amayi, mundisiye!", pamene kumudzi anamuuza kale kuti jakisoni ameneyo ndi amene amapha anthu. Akatha zonsezo amayala chitenje pasimenti n'kugona. Anamwino athu ndi ochepa, ndipo popanda amayi amenewa wodi ya ana singayende ngakhale tsiku limodzi. Dziko limadalira ntchito yawo osawalipira, kenako likaona kuti mmodzi watopa limati ndi mbuli.

Tibwerere ku msampha uja. Patatha milungu itatu tsaya la mwana wathu linaphweratu. Anayamba kuthamanga m'khonde la wodi ndi anzake opanda tsitsi ngati iye, akupempha mandasi. Madokotala ananena momveka kuti asanyengeke, khansa ikadalipo ngakhale sikuoneka, ndipo akasiya mankhwala idzabwerera ili yovuta kuposa poyamba. Achemwali anamva ndipo anakhulupirira. Koma dziikeni pamalo pawo. Maso anu akuona mwana wochira. Foni ikulira kuchokera kumudzi kuti wamng'ono uja wagwidwa malungo ndipo akukana kudya. Apongozi akufunsa ngati munakwatiwa ndi chipatala. Munda wasanduka tchire. Mayi ameneyu sakusankha pakati pa sayansi ndi umbuli. Akusankha pakati pa mwana amene akuoneka kuti wachira ndi ana amene akuoneka kuti akuvutika, ndipo onsewo ndi ake.

Atatulutsidwa kuti azikabwera pa masiku oikika, achemwali anakwanitsa maulendo awiri. Wachitatu unapezeka kuti m'nyumba mulibe ngakhale ya kabaza. Ndikukumbukira mmene ankatsegulira buku la kuchipatala n'kumayang'ana tsiku lolembedwa ndi bolopeni yofiira, tsikulo litadutsa kale. Anayenda khomo ndi khomo. Anthu anali atatopa nawo, ena ankangotseka chitseko akawaona akubwera. Panadutsa masiku 9. Amene anatipulumutsa ndi amalume omwe aja a mphini: anagulitsa njinga yawo, imene inali miyendo yawo komanso bizinesi yawo, n'kubweretsa ndalamazo zitakulungidwa m'kapepala. Anangoti, "Mawa mulawirire." Akatswiri a khansa ya ana padziko lonse anagwirizana kuti mwana akadumpha chithandizo kwa milungu inayi yotsatizana amawerengedwa kuti wasiya. Achemwali anachedwa masiku 9. Chimene chinawasiyanitsa ndi mayi amene mnzanga amamutcha mbuli si nzeru, si chikondi, si sukulu. Ndi njinga imodzi yakale.

Ndikanangolekeza pamenepa mukanati ndi nkhani ya banja limodzi. Koma funso loti makolo amasiyiranji chithandizo linayesedwa kale, ndipo yankho lake silobisika. Mu mzinda wa Recife ku Brazil, ana 16 mwa 100 alionse odwala khansa ya m'magazi ankasiya chithandizo. Atayamba kuthandiza mabanja ndi malo ogona pafupi ndi chipatala, chakudya, thiransipoti ndi kuwalondola akaphonya tsiku, chiwerengerocho chinatsika mpaka osakwana mmodzi mwa 100. Makolo a kumeneko sanapite kuyunivesite pakati pa zaka zimenezo. Kuno kwathu komwe, ku Gulupu, madokotala anayesa kulipira thiransipoti yonse ndi kutsatira mabanja ophonya masiku, ndipo osiya chithandizo anatsika kuchoka pa 19 kufika pa 7 mwa 100 alionse. Umbuli wanji umene umachira ndi ndalama ya minibasi?

Bungwe la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka safika ngakhale 30. Mu 2018 bungweli linaika cholinga choti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azipulumuka padziko lonse. Tikamva manambala amenewa timathamangira kuganiza za makina okwera mtengo ndi mankhwala atsopano, ndipo zimenezo n'zofunikadi. Koma ena mwa ana amene tikutaya ali ndi khansa zochizika, mankhwala ake ali kale pashelefu, dokotala ali kale m'wodi, ndipo chosowa ndi njira yofikira pamenepo. Kugula mankhwala, kuwapereka theka, kenako n'kumusiya mwana afe chifukwa cha thiransipoti, ngakhale munthu wosamala za chuma chokha ayenera kuona kuti n'kutaya ndalama.

Nanga za asing'anga ndi aneneri? Sindiwaikira kumbuyo. Munthu amene amaimika mayi wotopa pamaso pa mpingo, n'kumuuza kuti mwana wachira ndipo kubwerera kuchipatala ndi kusakhulupirira, ameneyo akusewera ndi moyo wa mwana wa eni, ndipo maliro akachitika sapezekapo. Ameneyo ndi woyenera mkwiyo wathu wonse. Koma tifunsenso chimene chimawapatsa makasitomala. Sing'anga ali m'mudzi momwemo, amafikika wapansi, amalola nkhuku, amalankhula chinenero chako, ndipo amakhala nawe pansi n'kukuuza chimene chachitika, ngakhale chili chabodza. Kuchipatala, achemwali anaona anthu ovala zoyera ataima mozungulira bedi la mwana wawo, akukambirana m'Chingerezi, n'kupita pa bedi lina. Sindikuwanena kuti ndi ouma mtima. Anali ochepa, ana anali ambiri, ndipo namwino wina wachikulire ndi amene tsiku lina anakhala nawo pabenchi n'kuwafotokozera zonse m'Chichewa, mpaka kuwajambulira pakapepala. Mphindi zimenezo zinachita zambiri kuposa maposita onse a pakhoma. Kwa anthu ambiri kwathu mawu oti khansa amangotanthauza imfa. Ngati palibe amene wakuuza kuti khansa ina imachira, kutenga mwana wako kuti akafere kwawo pakati pa abale si misala. Tonse tikudziwa kuvuta ndi kudula kwake konyamula maliro kuchokera m'tauni.

Ndinenenso za abambo, chifukwa mnzanga uja sanafunse n'komwe kuti bambo wa mwanayo anali kuti. M'wodi ya ana mumadzaza akazi: amayi, agogo, azakhali. Abambo ena amakhala kumudzi akulima ndi kufunafuna ndalama, ndipo kumeneko n'kulera mwana komwe. Alamu anga anali otere, anaonda mofanana ndi achemwali. Koma alipo ena amene matenda akatalika amazimitsa foni. Pa bedi loyandikana ndi la mwana wathu panali mayi wina wa kamtsikana kodwala khansa ya diso, ija imayamba ndi kadontho koyera pamboni. Madokotala anati diso lichotsedwe kuti mwana apulumuke. Mwamuna wake, amene sanapondepo pachipatalapo, anayankha pafoni kuti akabwera ndi mwana wa diso limodzi asafike pakhomo pake. Tsono mayi ameneyu akanyamuka usiku, dzina lolembedwa kuti wathawa limakhala lake. La mwamunayo sililembedwa paliponse.

Boma lidzati ndalama palibe. Ndimamva, dziko lathu ndi losauka. Koma ndi dziko lomweli limene munthu wa pa malipiro akaitanidwa ku msonkhano ku Salima kapena ku Mangochi amabwezeredwa thiransipoti, amalipiridwa pogona, amalandira alawansi, ndipo popanda zimenezo sapita. Palibe amene amamutcha mbuli kapena wothawa. Timamvetsa kuti munthu sangayende pa ntchito ya boma ndi ndalama ya m'thumba mwake. Nanga mayi amene akusamalira wodwala wa boma usana ndi usiku, m'chipatala cha boma, timayembekezera bwanji kuti agulitse mbuzi? Sindikukayika kuti ina mwa misonkhano ya kunyanjayo imakambirana za khansa yomweyi. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo lonjezolo timalikumbukira pa mapepala. Njira yoperekera thandizoli sikusowa. Mtukula Pakhomo wakhala akupereka ndalama kwa mabanja osauka kuyambira pamene anayesedwa ku Mchinji mu 2006. Airtel Money ndi Mpamba zafika mpaka kumidzi. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse m'dera lawo. Chosowa ndi kuvomereza kuti thiransipoti ndi chakudya cha gadiyani ndi mbali ya mankhwala, zoyenera kukhala mu bajeti monga dripi ndi jakisoni. Pakadali pano thandizo lotere, pamene lilipo, kawirikawiri limadalira mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino, ambiri a kunja. Tiwathokoze, koma moyo wa mwana wa ku Nsanje usamadalire kuti pulojekiti ya wina yatha kapena ayi.

Ife tomwe tisadziyeretse. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma taonani nthawi imene timatulutsa ndalama. Pakagwa maliro mfumu imalengeza, ufa umasonkhedwa khomo ndi khomo, mpingo umabwera ndi kwaya, abale a ku Joni amatumiza ya bokosi tsiku lomwelo, ndipo mayina a opereka chipepeso amawerengedwa pagulu. Pa matenda a miyezi isanu ndi umodzi timangoti "tikukupemphererani". Masiku 9 aja achemwali akuyenda khomo ndi khomo, ndinawerengera mumtima: mwanayo akanamwalira, ndalama zosonkhedwa pa maliro ake zikanakwana maulendo onse otsala a kuchipatala, n'kutsalako. Mipingo yathu ili ndi thumba la maliro, magulu a ku ntchito ali nalo, ngakhale ife ophunzira tikamva kuti mnzathu waferedwa timayendetsa pepala m'hositelo. Thumba la thiransipoti ya odwala ndi ndani ali nalo?

Kwa iwe mnzanga wa ku kafeteriya, ndikudziwa kuti unalankhula chifukwa chakuwawidwa mtima. Unamuona mwanayo akuchira, unamukonda, ndipo m'mawa unapeza bedi lopanda munthu. Zimapweteka. Koma posachedwapa udzavala choyera ndipo udzakhala ndi bolopeni m'manja. Usanalembe kuti wathawa, udzafunse tsiku loyamba lomwe, osati mayi atapita kale: kunyumba mwasiya ana angati, akuwasamalira ndani, mwabwera ndi ndalama ya ndani, bambo akuti bwanji, nambala ina ya foni ndi ya ndani. Udzanene m'chinenero chake kuti chotupa chiphwa msanga koma matenda adzakhala asanathe, ndipo udzabwereze mawa lake, chifukwa munthu amene wangouzidwa kuti mwana wake ali ndi khansa samva kanthu tsiku limenelo. Ndipo akasowa, wina amuimbire foni, osati kuti amukalipire, koma kumufunsa kuti chavuta n'chiyani.

Mwana wathu anamaliza mankhwala ake. Tsitsi linamera, ali pasukulu, ndipo patsaya pake patsala zipsera za mphini zokha. Akatentha thupi pang'ono achemwali sagona, amangomugwira nsagwada ngati akumusisita. Ngongole ya katapila anamaliza kubweza chaka chatha, mbuzi sizinabwerere, ndipo amalume akuyendabe wapansi. Mayi wa kamtsikana ka diso kaja anachoka m'wodi kutatsala masiku awiri kuti opaleshoni ichitike. Anasiyira achemwali kapoto kake ndi theka la sopo, n'kuwalembera nambala ya foni pachikuto cha buku la kuchipatala. Achemwali anaimba kangapo miyezi yotsatira. Kamodzi anayankha mwamuna, n'kudula.